Chingwe cha Kachiwala

"Siya kiyi pano, mwana wanga. Ngati chitseko ukhoma, khoma, koma kiyi yekhayo undisiyire."

Agogo anaima m'kanjira ka pakati pa zipinda, ndodo yawo ataipingasa, ngati kuti mafupa aja akanatha kutchinga mwamuna wamphumphu. Mwana wawo, kalipentala wa zitseko ndi mipando, sanacheuke n'komwe. Ankakhomerera kachitsulo kokolekapo loko pa chitseko cha chipinda chakuseri, misomali atailuma pakamwa.

"Ndikusiyireni kiyi kuti mukam'masulenso ngati dzulo?" anatero atalavulira misomaliyo m'dzanja. "Dzulo ndinam'peza kuti? Nenani nokha, amayi."

"Pakhonde. Amaothera dzuwa. Kodi dzuwa lasanduka mlandu?"

"Pakhonde, msewu uli apo. Akanagwa n'kugubudukira kumeneko, inu ndi maondo anuwo mukanam'thamangira?"

M'chipindamo munali Kachiwala, mwana wa kalipentalayo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Dzinali anam'patsa ndi agogo omwewa, chifukwa ali wamng'ono sankadziwa kuyenda, ankangodumpha. Chiyambireni kugwa khunyu miyezi inayi yapitayo, sukulu anam'siyitsa, ndipo m'mawa uliwonse bambo ake asanapite ku shedi ankam'manga chingwe m'kakolo, nsonga inayo n'kuimanga ku mwendo wa bedi. Pambali pake ankam'siyira kapu ya madzi, mbale yovundikira ndi ndowa.

"Chabwino, za kiyi wakana," anatero agogo. "Imva ichi chokha. Mfundo imene ukumangayo ndaiona, ndi ya msampha. Ikakokedwa imathina, ndipo ikathina sibwerera. Munthu wa khunyu akagwa amaponya miyendo. Ine ngakhale mbuzi yanga sindiimanga motero."

"Ndi mfundo yokhayo imene sangathe kumasula."

"Nanga akagwa iwe uli ku shedi?"

"Mwayambanso nanga." Kalipentala anaika hamala pansi. "Nanga akagwera pamoto. Nanga akagwera m'ngalande. Nanga galimoto. Nanga anyamata oipa akam'peza atakomoka. Miyezi inayi mwatiimbira nyimbo imeneyi m'mawa ndi madzulo, mpaka ine kusowa tulo. Ndinagula chingwe kuti nanga wanuyo athe. Lero mwabwera ndi nanga wina."

Mawu amenewa anawalasa agogo, chifukwa munali choonadi. Iwo anabadwa ndi mantha ngati mmene ena amabadwira ndi mpata wa mano. Kusukulu sanapondeko, koma ngozi ankaiwerenga ikadali kutali. Mpeni ukakhala m'mphepete mwa tebulo, iwo anali atauona kale uli paphazi la munthu. Anatembenukira kwa mkazi wa mwana wawo, amene ankasanja tomato m'dengu osadzutsa mutu.

"Apongozi, inu simuyankhulapo? Mwanayu anatuluka m'mimba mwanu."

"Ndinene chiyani, amayi? Ndikakhala pakhomo, mawa tidzatafuna zala. Ndikapita naye kumsika, anthu amalambalala benchi langa, ati thovu lake n'lopatsirana. Abambo akewa ndiwo aganiza."

"Aganiza," anabwereza agogo. "Iwe, ndinakubereka ndine, ndipo sindinakumangepo ngakhale unali wosamva kuposa mwanayu. Chingwe chili ndi nsonga ziwiri. Ukamanga mnzako kuno, uko chamanga iwe. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Galu wamkota amakandanso utitiri," anatero kalipentala. Anakoleka loko, anam'dina mpaka kulira kuti khethe, kiyi n'kuponya m'thumba la ovolosi.

Pabwalo la nyumbayo, pafupi ndi mpopi, panali kachipinda ka lendi. M'menemo munali mutangolowa mayi wina wojambula zithunzi, wamtali, wometa tsitsi, amene anthu a mumsewumo anangom'tcha Ajambuli. Anzake a ntchito imeneyi amajambula akwati ndi makanda. Iye ayi. Agogo anam'peza tsiku lina atagwada m'fumbi, kamera italoza pa chikhomo chimene anamangapo mbuzi yawo yaikazi.

"Mwana wanga, mbuzi ili uko. Apo ndi pachikhomo."

"Ndikufuna chikhomocho, agogo, ndi chingwecho."

"Chingwe? Chenjerani nazo zimenezo. Chinthu chomangidwa chili ndi mwini wake, adzati mukuzonda zoti mudzabe. Ndipo musagwade pamaso pa mbuzi imeneyo, ili ndi kamwana, ikugundani pamphumi."

Ajambuli anaseka, n'kuwaonetsa pa kagalasi ka kuseri kwa kamera. Munali njinga yomangidwa ndi tcheni ku mtengo wa magetsi. Munali kapu yomangidwa ku mpopi wa pamsika, cholembera chomangidwa ndi ulusi pa tebulo la mu ofesi, galu, chipeso cha kometera tsitsi, ngakhale sopo wobooledwa pakati, wolendewera pa kachingwe kunja kwa chimbudzi.

"Zimenezi pali amene amazifuna? Sopo?"

"Ndidzazipachika pakhoma anthu adzaone. Ndimafuna kudziwa zimene anthu amaopa kutaya. Munthu samanga chinthu chimene alibe nacho ntchito."

"Ena amamanga chimene chikuwachititsa manyazi," anatero agogo, mawuwo atangopulumuka okha. Kenako anadzigwira pakamwa. "Jambulani mbuzi, jambulani mpopi. Koma kuseri kwa nyumba uko musapiteko. Kuli mavu."

Komatu bwalo limodzi silisunga chinsinsi. Masana alionse agogo ankakoka kampando kawo n'kukakhala pansi pa zenera la chipinda chakuseri. Zeneralo linali ndi zitsulo, ndipo chingwe cha Kachiwala chinkangokwanira kuti aike chibwano pa thabwa lake. Ankacheza motero, wina mkati, wina kunja. Agogo ankamuuza zimene zadutsa mumsewu, iye ankawauza kuti misomali ya kudenga ilipo makumi asanu ndi limodzi kudza inayi, ndi kuti buluzi wa dzulo uja wabweranso koma wopanda mchira.

Sabata yachiwiri Ajambuli anawapeza pomwepo.

"Mavu aja ndi amenewa, agogo?"

Agogo anasowa poika maso. Kachiwala ndiye anayankha.

"Ndinu ojambula zomangidwa aja? Agogo anandiuza. Tandionetsani sopo uja."

Ajambuli anakweza kamera pazenera. Mwanayo anaseka pa sopo, anaseka pa chipeso, anafunsa dzina la galu. Atafika pa mbuzi anasiya kuseka.

"Inenso mundijambule," anatero. "Inenso ndine womangidwa. Tamverani." Anakoka mwendo wake, bedi n'kukhwekhwereza pa simenti.

"Ayi." Agogo anaimirira msanga kuposa mmene maondo awo ankalolera. "Chithunzi chimayenda kumene mwini wake sanafike. Mawa chili m'mafoni a anthu, mkuja akum'loza chala mumsewu, akakula palibe wodzam'funsira banja. Ndiye apolisi adzatenga mwana wanga, ife tidzatsala ndi ndani? Ikani chinthu chanucho m'chikwama."

Ajambuli anaika kamera m'chikwama. "Munthu sindim'jambula eni ake asanalole. Koma agogo, kuchipatala munapita naye?"

"Kwa asing'anga tinapita, awiri. Anam'tema mphini thupi lonse, osaphula kanthu. Kuchipatala bambo ake akuti akangom'lemba kuti ndi wamisala, dzina limenelo silifufutika."

"Khunyu si misala, agogo. Mchemwali wanga ankagwa kuyambira ali mwana. Amamwa kapiritsi m'mawa ndi madzulo. Pano ali ndi ana atatu, ndipo ndi telala."

"Telala? Wa singano? Nanga akagwera pa makina?"

"Zaka khumi ndi ziwiri sanagwepo."

Madzulo ake Ajambuli anayesa kuyankhula ndi kalipentala pa mpopi akusamba m'manja. Anayamba bwino, ndi ulemu wonse. Kalipentala anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Mayi, munabwera kudzachita lendi chipinda kapena banja langa? Mwana wanga amadya, amagona pabedi, mvula sim'nyowetsa. Tsiku loyamba lija ndinam'tola ndekha pakati pa msewu, galimoto itaima mkono umodzi kuchokera pamutu pake, anthu atazungulira osafuna kum'khudza. Inu munalipo? Mukapitanso kuseriko, mupeze kwina kokhala."

Agogo anamva zonsezi ali kubafa, kumene ankathandiza apongozi awo kusambitsa mwanayo. Chingwe chinkamasulidwa bambo akaweruka, ndipo pa kakolo pankatsala mzere wotuwa, khungu litayamba kusupuka.

"Apongozi, mwauona mzerewu?"

"Ndauona, amayi. Ndimapakapo mafuta."

"Mafuta sachiza chingwe. Muziwayankhula amuna anu. Ine akuti ndine wamantha, mwina inu akumverani."

"Ndinayesa. Anandifunsa kuti ndisankhe, mwana wa mzere pamwendo kapena mwana wa m'bokosi. Iwo ndi kalipentala, amayi, mabokosi a ana amakhoma ndi manja awo. Ndikanayankha kuti chiyani?"

Agogo anathira madzi pamsana pa mdzukulu wawo, atayeza kaye ndi chigongono kuti mwina ndi otentha.

Patapita masiku, Ajambuli anatsukitsa zina mwa zithunzi zake n'kuzipachika pa ulusi m'chipinda mwake. Anaitana agogo kuti adzaone mbuzi yawo. Agogo analowa ngati akuponda pa mazira, atachenjeza kaye za waya wa magetsi amene anali pansi. Zilembo za m'munsi mwa zithunzizo sanathe kuziwerenga, koma mfundo anaziwerenga zonse.

"Womanga chipesoyu ndi wamanzere. Wa galuyu alibe chisoni, taonani ubweya watha m'khosi. Wa kapuyu ndi mzimayi, wamanga ngati akumanga mpango. Iyi ndi yanga."

Anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha mbuzi yawo. Mbuziyo inali itagona pamthunzi ikubzikula, chingwe chili chopindikapindika pa udzu, chosakokeka. Kuzungulira chikhomo panali bwalo lalikulu la udzu wodyedwa.

"Chingwe chimenechi ndinachiyeza ndekha," anatero motsitsa mawu. "Mikono isanu ndi itatu. Mbuzi ukaimanga chachifupi imaonda, mkaka umauma. Dzuwa likafika pamutu ndimaisunthira pamthunzi. Likapendeka ndimaisunthanso. Katatu pa tsiku."

Potuluka agogo anaiwala ndodo yawo, ndipo masana amenewo anakhala pansi pa zenera osanena kanthu za mumsewu.

"Agogo, mwadwala?" anafunsa Kachiwala.

"Ayi, kamdzukulu kanga. Tandiuza, kuchokera pabedi kufika pamwendo pakopo, chingwecho ndi mikono yako ingati?"

Mwanayo anayeza mokondwa, poganiza kuti ndi masewera. "Itatu ndi theka."

Itatu ndi theka, ndiponso mikono yake ya mwana.

Tsoka silinunkha. Linafika Lachinayi la sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, kalipentala atapita kukakhoma zitseko pa nyumba ina kutali, mkazi wake ali kumsika. Agogo ankasuntha mbuzi pamene anamva kapu ikugubuduka pa simenti, kenako bedi likugunda khoma, gu, gu, gu.

Anathamangira pazenera. Kachiwala anali pansi, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa, miyendo ikuponya. Kuponya kulikonse mfundo ija inkalowa mumnofu. Phazi linali litayamba kale kuda.

Anazungulira n'kukankha chitseko. Loko anangogwedezeka. Kachitsulo kaja anakakhoma ndi mmisiri wodziwa ntchito yake, misomali inayi yopindira mkati.

"Ajambuli! Thamangani, mwana wanga."

Ajambuli anabwera, anasuzumira pazenera, n'kutulutsa foni. Ya kalipentala inangoitana osayankhidwa. M'phokoso la mahamala ndani amamva foni?

"Agogo, chitsekochi tithyole."

Moyo wawo wonse agogo anali asanathyolepo kanthu mwadala. Ngakhale nkhwangwa ankaibisa pansi pa bedi lawo kuti ana asaione. Anaganiza za mkwiyo wa mwana wawo, anaganiza za Ajambuli akuthamangitsidwa ndi katundu pamutu, anaganiza kuti nanga nkhwangwa ikaguluka mumpini. Kenako bedi linagundanso khoma.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero. "Nkhwangwa ili pansi pa bedi langa. Ayi, bweretsani kuno. Chitseko cha mwana wanga ndithyola ndine, mlandu usakhale wanu."

Anatema katatu. Kachiwiri nkhwangwa inaterereka, kachitatu thabwa linang'ambika, kachitsulo kaja n'kulendewera, loko wake ali chikhomere.

Ajambuli anakankhira kutali ndowa ndi mbale, anaika pilo pansi pa mutu wa mwanayo, n'kuletsa agogo amene ankafuna kum'lowetsa supuni m'kamwa. Agogo anagwira mfundo. Zala zawo, zimene zinamasula zingwe za mbuzi kwa zaka makumi asanu, zinalephera. Mfundoyo inali itamira, ngakhale chikhadabo sichikanalowa. Ajambuli anathamangira kuchipinda kwake n'kubwera ndi kalumo kodulira mapepala a zithunzi. Anadula kaulusi kamodzikamodzi, agogo atafungatira mwendowo pachifuwa, mpaka chingwe chinaduka.

Patapita kanthawi kugwedezeka kunaleka, ndipo anam'goneka chammbali. Kuzungulira kakolo panali ngalande yofiira ngati yochita kusema, phazi litatupa ngati la munthu wamkulu. Agogo anakhala pa simenti akupuma movutika. Anayang'ana phazilo, anayang'ana chingwe chimene chinatsala ku mwendo wa bedi.

"Kamera yanu ili kuti?"

"Agogo, paja munati..."

"Ndinati. Pakamwa ndi panga, ndabweza. Nkhope ayi. Jambulani phazi ndi chingwe, msanga, tizipita. Kutupaku kukaphwa mwana wanga adzati amayi amakulitsa nkhani, ndi mantha awo aja. Ine kulemba sinditha. Ndilembereni ndi chinthu chanucho."

Ajambuli anajambula kamodzi kokha, anam'bereka mwanayo, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Agogo sakanatha kufanana naye liwiro. Anatsala m'mbuyo, anatsekera mbuzi m'khola, anatenga chingwe chake pamodzi ndi chija cha pabedi, anazikulunga m'nsalu, ndipo anatsatira.

Kuchipatala anapeza namwino atatsuka kale balalo, akutsina zala za phazi chimodzichimodzi. Pa chala chachitatu Kachiwala anakwinya nkhope.

"Wamva," anatero namwino. "Phazi lapulumuka. Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina. Anathyola chitseko ndani?"

"Ndine. Mundimanga?"

"Zomangana zakwana, agogo. Khalani apa mupume."

Adokotala anam'lembera mwanayo timapiritsi toyera, n'kunena kuti nkhani ya chingweyo ayenera kuidziwitsa kwa mayi woona za ana. Agogo anangogwedeza mutu. Mantha awo anali atatopa.

Kalipentala anafika dzuwa litapendeka, utuchi uli m'tsitsi, mkazi wake akum'tsatira dengu lili m'manja. Anali atadzera kunyumba n'kuona chitseko.

"Ndani wathyola chitseko changa?"

"Ndine," anatero agogo. "Khala pansi apa."

"Amayi, ndinanena kuti mayi ameneyu..."

"Khala pansi. Lero undimvera. Ndikatha ukatithamangitse tonse awiri."

Anamasula nsalu ija n'kuyala zingwe ziwirizo pa simenti ya khonde la chipatala, moyandikana. China chinatalika mpaka kupitirira benchi. Chinacho chinathera pomwepo, pa mapazi awo.

"Iwe unapita kusukulu, ndipo tepi uli nayo m'thumbamo. Yeza."

"Amayi, anthu akutiona."

"Atione. Ichi ndi cha mbuzi yanga. Ichi ndi cha mwana wako."

Phazi la Kachiwala linali litakulungidwa bandeji, choncho Ajambuli anam'patsa kalipentala kamera kuti aone chithunzi chija. Kalipentala anayang'ana pa kagalasi kaja nthawi yaitali. Mfundo anaidziwa, pakuti mmisiri sasowa ntchito ya manja ake. Mkazi wake anasuzumira paphewa pake, dengu linagwa, tomato n'kumwazikana khonde lonse, koma panalibe wowerama kutola.

"Ndinkafuna kuti asafere pamsewu," anatero kalipentala.

"Ndikudziwa. Chingwecho unagula ndiwe, koma anachipota ndine, ndi pakamwa pangapa. Ndinakudzaza mantha mpaka anasefukira pa mwana. Mlandu umenewo ndausenza, sindiukana. Koma za mfundo ndinakuuza, za kiyi ndinakuuza. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Uthokoze kuti ya lero yagwera pa thabwa."

Mkazi wake anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Abambo ake, chitseko chija musachikonze," anatero. "Tsiku limene mudzachikonze, ine ndi mwana tidzakagona kwathu."

Mayi woona za ana anabwera kunyumba kawiri. Anayendera chipinda, anaona chithunzi, ndipo anam'uza kalipentala maso ndi maso kuti chingwe chikadzaonekanso nkhaniyo idzapita patsogolo. Anapitanso kusukulu kukafotokozera aphunzitsi zoyenera kuchita mwana akagwa. Za timapiritsi agogo anadzitengera okha udindo: kamodzi m'mawa potulutsa mbuzi, kena madzulo poilowetsa m'khola. Wotchi sankaidziwa, koma mbuzi sinawasokonezepo nthawi. M'masabata atatu Kachiwala anagwa kamodzi kokha, pang'ono, ali pamphasa, agogo ali pambali pake opanda supuni.

Tsiku lina agogo anagogoda kwa Ajambuli atanyamula botolo la mkaka wa mbuzi.

"Ndawiritsa kawiri, koma muwiritsenso."

"Zikomo, agogo, mwadzivutitsa."

"Musathokoze inu, wothokoza ndine. Mutangofika ndinati tsoka lalowa pabwalo pano, munthu wanzeru sagwadira chikhomo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ine ndinkayesa ndi mwambi chabe." Anagwira dzanja la Ajambuli ndi manja awo onse awiri. "Chingwe ndinkachiona tsiku ndi tsiku ndi maso angawa, koma ndinachiona zenizeni chitakhala papepala. Mwandisungira phazi la mdzukulu wanga. Mulungu akusungeni inunso. Ndipo mukamawoloka msewu muzichotsa diso pa chinthu chanucho."

"Chithunzi cha phazi chija sindidzachipachika pakhoma, agogo. Ndi chanu."

"Si changa. Mudzafunse mwini phazi akadzakula."

Lolemba lobwerera kusukulu kalipentala anadzuka ndi phukusi. Masabata onsewa anali atasanduka munthu wofatsa. Chitseko chothyoka anachichotsa yekha n'kuikapo katani, ndipo matabwa ake anam'khomera mwanayo kadesiki. Kachiwala ankathokoza mwaulemu, inde bambo, zikomo bambo, koma ali chapatali. M'phukusimo munali nsapato zakuda zatsopano, za zingwe, ndi masokosi aatali obisa chipsera.

Mwanayo anakhala pakhonde atavala yunifolomu, n'kulowetsa yekha mapazi m'nsapatozo akumwetulira. Bambo ake anagwada patsogolo pake, natenga nsonga ziwiri za chingwe cha nsapato ya kumanzere, phazi la chipsera lija. Manja aja atangoyandikira kakolo, Kachiwala anabweza phazi mwamphamvu, mpaka nsapato inatsala m'manja mwa bambo ake. Sanalire. Anangosunthira kukhoma, atafumbata kakolo ndi manja onse, maso ali pa zala za bambo ake.

"Ndi nsapato chabe, mwana wanga. Ndimanga pang'onopang'ono, yosathina."

"Amange agogo."

Agogo anawerama ndi maondo awo olira aja, anam'veka nsapatoyo, n'kumanga mfundo yawo ya pambuzi, imene imagwira koma siluma.

"Uyende m'mbali. Ukamva chizungulire ukhale pansi. Usakwere mtengo. Usabwereke cholembera cha mwana wa chimfine."

Kachiwala anatsika pakhonde, anaponda katatu mwaulemu, kachinayi anadumpha. Agogo anatsegula pakamwa kuti achenjeze, koma anapatsekanso. Anangoyang'ana amayi ake akum'gwira dzanja mpaka anatuluka pageti, ndipo milomo yawo inkayenda yokha, kuthokoza.

Kalipentala anatsala chigwadire. Kuyambira tsiku limenelo wayesa zambiri. Anagula nsapato zopanda zingwe, mwanayo anavala yekha. Bala linapola, chipsera chikuzilala, koma bambo ake akangowerama pafupi naye, ngakhale kutola msomali, Kachiwala amapinda miyendo n'kuikhalira.

Masana alionse, nthawi yoweruka ana, kalipentala amaika hamala pansi ntchito ili pakati, kaya mwini mpando akudikira, n'kukaima kutsidya kwa msewu wa kusukulu mpaka mwana wake atawoloka. Samuitana, chifukwa amadziwa kuti sabwera. Amangom'tsatira pambuyo mpaka pageti, mikono ngati isanu ndi itatu, osatha kuyandikira, osathanso kutembenuka kuti abwerere ku shedi.